Msana, ntchito ndi chipepeso: tikuyankha mafunso anu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukamba za msana, ndipo angapo akuphatikiza ululu ndi nkhani za malamulo. Bungwe la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana wa m'munsi, ndipo palibe vuto lina lolepheretsa anthu kugwira ntchito zawo loposa limeneli. Mayina a olemba tawasunga, makalata ena tawafupikitsa.

Ndimakweza ndi kutsitsa katundu ku Kanengo. Masabata atatu apitawo, ndikunyamula thumba la feteleza, ndinangomva kuti tswa m'chiunomu. Kuchipatala anati fupa silinathyoke. Mayi akunyumba akuti ndizingogona mpaka ululu utheretu, koma ndikuona ngati msana ukuumiraumira. Nditani? Bambo wa ku Lilongwe

Pepani bambo ndi ululuwo. Mayi akunyumba akukufunirani zabwino, koma pa nkhani yogonayi sitikugwirizana nawo. Kupuma tsiku limodzi kapena awiri ululu ukangoyamba n'kololeka. Kupyola apo, mphasa imasanduka mdani. Minofu yogwira msana imafooka msanga ikakhala osagwira ntchito, molumikizana mafupa mumauma, ndipo timapilo ta chichereŵechereŵe tokhala pakati pa mafupa a msana, timene madokotala amati madisiki, tilibe mitsempha yakeyake ya magazi. Chakudya chake chimalowa pamene munthu akuyenda, disiki ikamapanikizika ndi kumasuka ngati siponji. Kuuma kumene mukumvako kwadza ndi kugonako.

Yambani lero kuyenda pamalo osalala mphindi 5 mpaka 10, katatu patsiku. Pakatha masiku awiri alionse onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka muzikwanitsa mphindi 30 osaima. Ululu ukakwera pang'ono n'kutsikanso pofika mawa lake, pitirizani. Ukayamba kutsikira kumwendo kupyola pamene unkafika kale, chepetsani mtunda ndipo mukaonane ndi a fizo, akatswiri a kuchipatala othandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje muziliika pamalo powawapo kwa mphindi 15 kapena 20. Pogona chammbali ikani pilo pakati pa mawondo, pogona chagada muike kunsi kwa mawondo. Anthu ambiri ovulala motere amapeza bwino kwambiri m'masabata 6 oyambirira.

Kuyendako musadzakusiye mukachira. Kafukufuku wa ku Australia wotchedwa WalkBack, amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2024, anatsatira anthu 701 omwe anali atangochira msana. Amene anaphunzitsidwa kuyenda mwadongosolo anatha masiku pafupifupi 208 ululu wowalepheretsa ntchito usanabwerere, pamene anzawo anatha masiku 112 okha.

Pobwerera kuntchito pemphani dokotala akulembereni kalata ya ntchito zopepuka kwa masabata angapo, monga kuwerenga matumba kapena kulemba katundu. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo cha anthu pantchito, limaika malire a makilogalamu 23 kwa munthu mmodzi, ndipo apo ndi pamene zonse zili bwino, katundu ali pafupi ndi thupi, munthu sakupotoka. Thumba la feteleza kapena la simenti ndi makilogalamu 50. Mutu umodzi susenza denga: nyamulani awiri, thumba likhudze pamimba, ndipo potembenuka muzisuntha mapazi m'malo mopotoza chiuno. Ambiri amavulala popotoka ali chiweramire, makamaka thupi litatopa. Zomwezi zikukhudzanso amayi: ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo nthawi yoopsa ndi yosenza ndi yotula, n'chifukwa chake mwambo wotwikana pamjigo ndi wofunika kuusunga.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira nazo ngakhale usiku umodzi: dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, mkodzo kukanika kutuluka kapena kumangotuluka wokha, chimbudzi kutuluka osadziwa, miyendo yonse iwiri kufooka. Zimenezi zimasonyeza kuti mitsempha ya kunsi kwa msana yapanikizika, ndipo opareshoni yake imafunika m'maola, osati m'masabata. Thamangirani kuchipatala chachikulu.

Ndinagwa pamakwerero pomanga nyumba ndipo ndinathyoka fupa limodzi la msana. Kapitawo akuti palibe chipepeso poti ndinalakwitsa ndekha, ndipo akufuna ndisainire kalata yosiya ntchito kuti andipatse kangachepe. Lamulo likuti bwanji? Mmisiri wa ku Blantyre

Kalatayo musasainire. Mukasaina kuti mwasiya ntchito mwa kufuna kwanu, kapena kuti mwalandira zonse, mudzavutika kutsegulanso nkhaniyi.

Lamulo lokutetezani ndi Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, ndipo limayendetsedwa ndi Kamishinala wa zachipepeso pansi pa unduna wa zantchito. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti wantchito akavulala ali pantchito komanso chifukwa cha ntchitoyo, safunika kutsimikiza kuti abwana analakwa. Kuterereka kapena kuponda molakwika sikuchotsa ufulu wanu. Lamuloli lili ndi zina zimene limapatula, monga kudzivulaza dala, koma woweruza zimenezo si kapitawo. Ngakhale atanena kuti munali waganyu chabe, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu akaone okha mmene munalembedwera.

Choyamba, dziwitsani olemba ntchito mwa kalata, yokhala ndi tsiku, nthawi, malo ndi mmene ngozi inachitikira, ndipo musunge kope lanu. Lembani mayina a anzanu amene anaona. Onetsetsani kuti m'kabuku kanu ka kuchipatala mwalembedwa kuti munavulala pantchito, chifukwa milandu yambiri imagwera pomwepa: munthu amangouza dokotala kuti "msana ukuwawa", ndiye pakatha chaka palibe pepala lolumikiza ululuwo ndi ngoziyo. Sungani malisiti a mankhwala, a ekisire ndi a mayendedwe, pamodzi ndi mapepala a malipiro anu. Olemba ntchito ali ndi udindo wokanena za ngoziyo ku ofesi ya zantchito. Akazengereza, kaneneni nokha, msanga, popeza lamulo limaika malire a nthawi.

Ndalama za chithandizo cha kuchipatala amalipira ndi olemba ntchito, ndipo pamakhalanso malipiro a nthawi imene simungathe kugwira ntchito. Chipepeso cha kulumala kokhalitsa chimawerengedwa dokotala akaona kuti kuchira kwafika pamapeto, n'kulemba kuti mwataya magawo angati pa 100 a mphamvu zanu zogwirira ntchito. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54. Mwachitsanzo, munthu wolandira K200,000 pamwezi amene dokotala wamulembera magawo 20 pa 100, chipepeso chake ndi gawo limenelo la K10,800,000, kutanthauza K2,160,000. Yerekezani nokha ndi kangachepe akukulonjezaniko.

Palinso lamulo la Employment Act la 2000, limene limapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza tchuthi chodwala cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse. Akakuchotsani ntchito popanda chifukwa chomveka komanso osakumvani mbali yanu, nkhaniyo imayambira ku ofesi ya zantchito n'kukafika ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pantchito. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu.

Zaka ziwiri zapitazo minibasi imene ndinakwera inawombedwa kumbuyo. Khosi ndi msana zikuwawabe ngakhale mafupa sanathyoke. Mlandu wa inshuwaransi uli kwa loya. Anzanga akuti ndisapite ku fizo kapena kuyambanso geni yanga mlandu usanathe, chifukwa ndikaoneka wochira ndalama idzachepa. Kodi n'zoona? Mayi wa ku Zomba

Mayi, funso lanu ndi limene latikhudza kwambiri mwezi uno, chifukwa malangizo amenewa awononga misana yambiri.

Tiyambe ndi zimene ofufuza anapeza. Ku Saskatchewan, chigawo cha dziko la Canada, anthu ovulala pa ngozi za galimoto ankasumira chipepeso cha ululu kukhoti. Pa 1 Januwale 1995 lamulo linasintha: aliyense wovulala anayamba kulandira chithandizo ndi ndalama yolowa m'malo mwa malipiro popanda kulimbana kuti wolakwa ndani, ndipo kusumira ululu kunachepetsedwa kwambiri. Kafukufuku amene anatuluka mu New England Journal of Medicine m'chaka cha 2000 anapeza kuti kwa ovulala khosi, nthawi yotsekera nkhani zawo inatsika kuchoka pa masiku 433 kufika pafupifupi 200. Ena anatsutsa kuti kutseka fayilo sikutanthauza kuchira, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Koma mu 2005 gulu lotsogozedwa ndi dokotala wa mafupa Ian Harris wa ku Australia linasonkhanitsa kafukufuku 211 wa anthu ochitidwa opareshoni, n'kufalitsa zotsatira mu magazini ya JAMA. Mwa kafukufuku ameneyu, 175 anaonetsa kuti odwala okhala ndi nkhani ya chipepeso sanachire bwino ngati anzawo, ndipo mmodzi yekha ndiye anaonetsa kuti iwo anachira bwino kuposa anzawo.

Ena akamva izi amafulumira kunena kuti ndiye kuti odwalawo amanamizira. Ife sitikuvomereza. Onamizira alipo koma ndi ochepa, ndipo ululu wanu sitikuukayikira. Chimene chimachitika ndi ichi. Mlandu umafuna kuti munthu azitsimikiza mobwerezabwereza kuti akudwala: kwa loya, kwa dokotala wa mbali iyi, kwa dokotala wa mbali inayo. Tsiku lililonse maganizo amakhala pa malo owawawo. Ululu sumangochokera pabala pokha, umadutsa m'mitsempha n'kukatanthauziridwa mu ubongo, ndipo ululu ukakhalitsa njira zimenezi zimayamba kulira msanga, ngati belu lachitetezo lomwe limalira ngakhale kwangodutsa mphepo. Nkhawa ya ndalama, mkwiyo woti wokulakwirani akungoyenda mwaufulu, kusowa tulo, zonsezi zimakweza kulirako. Onjezanipo kukhala osayenda poopa kuti wina akuonani mutasenza dengu, minofu n'kumafookerafookera. Pakatha zaka ziwiri kuvulala koyamba kuja kunapola kalekale, koma kulemala kwakula. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri ululuwo sutha pa tsiku lolandira cheke.

Komanso pa malamulo penipenipo anzanuwo akulakwitsa. Makhoti amayembekezera kuti wovulala achite zimene angathe kuti vuto lake lisakule. Loya wa kampani ya inshuwaransi akaona kuti dokotala anakulemberani fizo koma simunapite, adzanena kuti ululu wina mwadzichititsa nokha, kapena kuti simunavulale kwenikweni. Kabuku ka kuchipatala kodzaza ndi masiku amene munapita ku fizo ndi umboni wamphamvu kuposa zaka ziwiri zopanda cholembedwa.

Choncho pitani ku fizo sabata ino, ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena kumene mungathe kufika. Yambaninso geni pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu patsiku, wina azikunyamulirani katundu wolemera. Sungani kope limene muzilembamo kamodzi pasabata, osati tsiku lililonse, zimene mwalephera kuchita ndi ndalama zimene mwataya. Kamodzi pasabata n'kokwanira pa umboni, ndipo sikukusandutsani mlonda wa ululu wanu. Loya wanu mufunseni mafunso atatu: mlandu unalembetsedwa kale kukhoti kapena akungokambirana, chatsala n'chiyani, ndipo ndalama ikadzatuluka yake idzakhala ingati. Funso loyambalo ndi lofulumira, chifukwa milandu ya kuvulala ili ndi malire a nthawi ndipo inu mwatha kale zaka ziwiri. Yankho akupatseni polemba.

Amuna anga akuyembekezera opareshoni yolumikiza mafupa awiri a msana. Adokotala awauza kuti asiye fodya, koma iwo akuti fodya ndi nkhani ya mapapo. Ndiwathandize bwanji? Alinso ndi thupi lalikulu. Mayi wa ku Mzuzu

Adokotala akunena zoona. Opareshoni imeneyi zitsulo zake zimangogwira mafupa kwa kanthawi, chimene chimafunika n'chakuti fupa latsopano limere n'kulumikiza awiriwo, ndipo kumeraku kumatenga miyezi 6 mpaka 12. Nikotini amafinya timitsempha tamagazi ndi kufooketsa maselo omanga fupa, pamene utsi umachepetsa mpweya wabwino m'magazi. Kwa osuta, mafupa amakanika kulumikizana kawirikawiri kuposa kwa osasuta, zomangira zimagwedera, bala limachedwa kupola ndipo limagwidwa mafinya msanga. Zikatero munthu amabwerera ku opareshoni yachiwiri, yovuta kuposa yoyamba. Chingambwe ndi fodya wofwenkha sizipulumutsa, nikotini ndi yemweyo.

Asiye masabata osachepera anayi, makamaka 6 mpaka 8, opareshoni isanachitike, ndipo asayambenso fupa likumera. Sankhani tsiku limodzi, chotsani ndudu ndi machesi m'nyumba, ndipo dziwani kuti masiku atatu oyamba ndiwo owawitsa. Chilakolako chikabwera chimatha pakapita mphindi zochepa, choncho ayende kapena amwe madzi. Mowa umabweza anthu ambiri ku fodya, ndiye miyezi imeneyi aupewe.

Za thupi, musalimbane ndi zazikulu nthawi imodzi. Kutsitsa makilogalamu 5 pa munthu wa makilogalamu 100 ndi poyambira pabwino. Chepetsani chipande chimodzi cha nsima, masupuni a shuga mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera, ndiwo zamasamba zichuluke. Ngati ali ndi matenda a shuga, akhale atatsika bwino tsiku la opareshoni lisanafike.

Ndine telala wa zaka 46. Ndinajambulitsa MRI ndipo pepala likuti madisiki atha ndipo ina yatupa pa L4 ndi L5. Kodi ndidzakhala pa njinga ya olumala? Mayi wa ku Limbe

Mawu a papepalalo asakuopseni. Mu 2015 ofufuza anasonkhanitsa zithunzi za anthu oposa 3,000 amene misana yawo sinkawawa n'komwe. Mwa a zaka 20, anthu 37 pa 100 alionse anali kale ndi madisiki oyamba kutha, ndipo mwa a zaka 80 anali 96 pa 100. Kutha kwa disiki kuli ngati imvi, kumadza ndi zaka. Pa L4 ndi L5, omwe ndi mafupa awiri otsiriza a msana wa m'munsi, ndi fupa lotsatira la S1 ndi pamene pamakhala kulemera kwambiri kwa thupi, choncho ndi pamene kusinthaku kumaonekera koyamba. Ngakhale disiki yophulika imene ikukanikiza mtsempha nthawi zambiri imafota yokha pakapita miyezi.

Dokotala wabwino amayang'ana mphamvu ya miyendo yanu, osati chithunzi chokha. Ngati mukutha kuyenda ndi zidendene komanso ndi zala, ndipo mulibe zizindikiro zoopsa tazitchula pa funso loyamba, nkhani ya njinga ichotseni m'maganizo. Vuto la atelala ndi kukhala maola ambiri chiweramire. Dzukani pakatha mphindi 30 zilizonse, muyende mphindi ziwiri, muike manja m'chiuno n'kupindikira kumbuyo pang'ono kasanu. Mpando ukhale wotsamira, ndi kathaulo kopinda kumsana wa m'munsi, ndipo kudula nsalu muzichitira patebulo lofika m'chiuno, osati pansi.

Ndimamwa Indocid ndi Bufen tsiku lililonse kwa chaka tsopano kuti ndithe kupalasa kabaza. Ndilinso pa ma ARV. Pali vuto? Mnyamata wa ku Salima

Vuto lilipo, achimwene, ndipo ndi lalikulu. Indocid, Bufen ndi diclofenac ndi mankhwala a banja limodzi. Kuwaphatikiza sikuwonjezera mphamvu yothetsa ululu, kumangowonjezera zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Ma ARV amene anthu ambiri akumwa pano ali ndi tenofovir, amene nayenso amadutsa mu impso, ndiye pa munthu wotuluka thukuta tsiku lonse padzuwa la ku Salima katunduyo wachuluka. Ma ARV musasiye. Siyani enawo, ndipo pokatenga mankhwala mukauze adokotala zonse mwatiuzazi kuti akuyezeni impso ndi kuthamanga kwa magazi. Chimbudzi chikada ngati phula kapena mukasanza magazi, pitani tsiku lomwelo.

Kwa munthu wopanda vuto la impso, la m'mimba kapena la mtima, komanso amene si woyembekezera, ibuprofen (ndiye Bufen yemweyo) wa mamiligalamu 400 katatu patsiku atadya, kwa masiku ochepa, ndiye mulingo wamba. Chaka chathunthu ayi. Musathawirenso ku tramadol: kafukufuku wa OPAL wa mu 2023 anapeza kuti mankhwala a gulu la opioid, momwe mulinso tramadol, sanapose mapiritsi opanda mankhwala pa ululu watsopano wa msana ndi khosi, pamene chizolowezi chake n'chovuta kuchisiya. Yang'anani njinga yanu. Chishalo chikhale poti bondo lizitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi, mahandulo akwere kuti musamaweramire kwambiri, ndipo pachitunda ndi katundu wolemera tsikani muzikankha.

Mchimwene wanga msana wamuwawa miyezi inayi, makamaka usiku. Waonda, amatuluka thukuta pogona, ndipo pamsana patuluka kafupa kosongoka. Anamutema mphini koma sizikusintha. Mlongo wa ku Mangochi

Apa zonse tanena za kuyenda ndi kudikira sizikugwira ntchito. Zizindikiro zimenezi zikuloza ku TB ya msana, imene imadya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi disiki yapakati mpaka mafupawo kuphwanyikira kutsogolo, n'kupanga kalinunda mukukaonako. Munthu akhoza kukhala nayo osatsokomola. Mafinya ake akakanikiza mtsempha waukulu wa msana miyendo imafa, koma akayamba mankhwala msanga ambiri amachira n'kuyenda bwinobwino.

Mupite naye kuchipatala cha boma mawa, ndipo asasenze kanthu kapena kukwera njinga yamoto pamsewu wa mabampu ngati pali njira ina. Mukatchule zinthu zinayi zonse: miyezi inayi, ululu wa usiku, kuonda, ndi thukuta. Pemphani ekisire ya msana ndi ya chifuwa, komanso kuyezetsa HIV. Poti ndinu a kunyanja, muwauzenso ngati amasamba kapena kuwedza m'nyanja, chifukwa mazira a likodzo nthawi zina amakafika mu mtsempha wa msana n'kufooketsa miyendo, ndipo mankhwala ake ndi ena. Mankhwala a TB ndi aulere, ndipo pa TB ya mafupa amamwedwa miyezi 9 mpaka 12, osadumphitsa ngakhale ululu utatha pa mwezi wachiwiri. Miyendo ikayamba kulemera kapena mkodzo kuvuta, pemphani kalata yomutumiza kwa madokotala a mafupa ndi mitsempha ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha chimene chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe, tsiku lomwelo.